Kugula PlayStation yakale ku Lusaka: magemu a m'kati si anu

Ndili ndi kashopu ka magemu ku Mtendere, ma TV anayi ndi mabenchi awiri, ndipo kumbuyo kuli tebulo lomwe ndimatsegulirapo makina a anthu akafa. Mwezi sutha popanda wina kulowa ndi PS4 (PlayStation 4) m'chikwama cha kusukulu, nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti magemu onse atsekeka. Womaliza anali mwana wa mlongo wanga wa ku Chawama. Anasunga ndalama za maganyu miyezi isanu ndi iwiri mpaka zinakwana K4,800, anapeza wogulitsa pa Facebook amene analemba kuti "magemu 15 ali kale m'kati", anakumana naye pafupi ndi Kulima Tower, n'kulandira makina ali m'pulasitiki osawayatsa n'komwe. Kunyumba anayakadi, magemu 15 analimodi. Anasewera masabata atatu. Tsiku lina m'mawa gemu iliyonse inali ndi kachizindikiro ka loko pakona, ndipo nambala ya wogulitsa uja inali itasiya kulowa.

"Amalume, sangatseguke?" Ndinamuuza kuti ayi. Makinawo anali abwinobwino, koma magemuwo sanakhalepo ake ngakhale tsiku limodzi.

Ndiyambire pamenepa chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Gemu yogulidwa pa PlayStation Store imakhala ya akaunti imene inagula, osati ya makina. Mwini akaunti amatha kuuza Sony kuti PS4 yakutiyakuti ndiyo yake yaikulu, chomwe pa menyu chimalembedwa kuti Activate as Your Primary PS4, ndipo akatero aliyense wosewera pa makinawo amatsegula magemu ake, ngakhale popanda intaneti. Pa PS5 dzina lake ndi Console Sharing and Offline Play, koma nkhani ndi yomweyo. Akaunti imodzi imaloledwa PS4 yaikulu imodzi basi. Tsono wogulitsa wochenjera amaika akaunti yake pa makina anu, mumalipira ndalama yowonjezera chifukwa cha magemuwo, iye n'kupita kukachita zomwezo kwa munthu wina ku Matero. Amalowa pa webusaiti ya Sony, amachotsa makina onse amene ali pa akauntiyo, zomwe amaloledwa kuchita kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, amasinthanso pasiwedi. Makina anu akangolumikizana ndi intaneti amamva uthengawo, maloko n'kutsika. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Magemu a pa akaunti ya mwini ndi fodya wapachala.

Choncho mukamakambirana mtengo, magemu a m'kati muwawerengere ziro. Wogulitsa akaumirira kuti ndi a ndalama, mumuuze kuti akupatseni akaunti yonse: imelo imene inatsegulira akauntiyo, pasiwedi ya imeloyo, ndiponso azimitse chitetezo chija chotumiza kanambala ku foni yake, zonse muli pompo. Ambiri amayamba kukanda kumutu pamenepa. Ngakhale atavomera, dziwani kuti malamulo a Sony salola kugulitsana maakaunti, ndiye zikavuta mulibe kokadandaula. Ine ndimakonda munthu wondipatsa madisiki atatu enieni kusiyana ndi wondilonjeza magemu makumi awiri a m'mwamba. Disiki mutha kubwereketsa, kusinthanitsa ndi mnzanu wa ku Kalingalinga, kapena kugulitsa sukulu ikatsegulira.

Tsiku lokagula musapite chimanjamanja. Tengani disiki yanu imene mukuidziwa kuti imagwira, foni yokhala ndi bandulo yokwanira kuti mupange hotspot, ndi akaunti yanu ya PlayStation yotsegula kale kunyumba. Zambia kulibe pa mndandanda wa mayiko posankha dziko la akaunti, n'chifukwa chake ambiri kuno timasankha South Africa, ena UK kapena America. Zilibe kanthu kwenikweni, bola mukumbukire chimene mwasankha, chifukwa dzikolo silisinthika pambuyo pake, ndipo khadi la ndalama la madola sililowa pa akaunti ya ma rand. Madisiki a PS4 amagwira pa makina a dziko lililonse, koma zowonjezera zogula pa intaneti zimafuna kuti dera la akaunti ligwirizane ndi dera la disikiyo.

Ndipo musalole kugulira pamsewu. Kaya ndi m'kashopu ka ku Town Centre, kaya ku Kamwala, kaya kunyumba kwa munthu, pakhale TV ndi malaiti. Wogulitsa akati malaiti apita, ndiye kuti nanunso ndalama zapita, mudzabwera mawa.

Musanayatse, tembenuzani makinawo muwerenge nambala ya mtundu wake. Ikayamba ndi CUH-10, CUH-11 kapena CUH-12 ndi PS4 yoyamba ija yonenepa, yomwe inatuluka mu November 2013. CUH-2 ndi Slim, CUH-7 ndi Pro, zonse ziwiri zinayamba mu 2016. Ndawonapo anthu akugulitsidwa yonenepa pa mtengo wa Pro chifukwa sanadziwe kusiyanitsa. Pochitira bizinesi ine ndimasankha Slim, chifukwa imadya magetsi ochepa ndipo sichita phokoso kwambiri. Yang'anani timapepala tomata pa masikuluwu kumbuyo. Ngati tinachotsedwa, makinawo anatsegulidwapo. Si mlandu, nanenso ndimatsegula tsiku ndi tsiku, koma funsani kuti anakonza chiyani, muwone ngati yankho likubwera msanga. Kenako nunkhizani pomwe pamatulukira mpweya. Musaseke. Mphemvu zimakonda PS4 chifukwa m'kati ndi mofunda ndi mwamdima, zimakakhala pa gawo lolandira magetsi mpaka kuliwotcha, ndipo fungo lake amene anakhalapo m'nyumba ya mphemvu salisowa. Mwezi watha ndinatsegula ina ya munthu wa ku Garden, zinatuluka zamoyo zisanu ndi imodzi n'kuthamangira pansi pa benchi, ana amene ankasewera mpira onse miyendo m'mwamba.

Yatsani. Kagetsi kayenera kuyamba ndi buluu n'kusanduka koyera. Kakangophethira buluu osasintha, TV osawonetsa kanthu, bwezani makinawo ndipo musamvere zoti "ndi waya chabe". Gwedezani pang'ono waya wa HDMI pomwe walowera, chithunzi chisathawe. Lowetsani disiki yanu, muitulutse, mulowetsenso katatu. Iyenera kukokedwa yokha popanda kukankha ndi chala. Ndiye sewerani kwa mphindi zosachepera makumi awiri, osati kungoyang'ana menyu, chifukwa matenda a kutentha amawoneka makina akagwira ntchito. Fani ikayamba kulira ngati ndege ikunyamuka pa Kenneth Kaunda, nthawi zambiri ndi fumbi ndi mafuta ouma a pa purosesa, zomwe zimakonzeka ndi ndalama yochepa, ndiye gwetsani mtengo. Koma ikazima yokha, isiyeni. Pitaninso ku Settings, System, Error History. Mukapeza CE-34878-0 kamodzi kapena kawiri si nkhani, gemu iliyonse imagwa nthawi zina. Ikakhala mndandanda wautali wa masiku otsatizana, hard drive ikhoza kukhala ikutha.

Chomaliza pa makina, chimene ogulitsa ambiri sakonda, ndi kulumikiza ku hotspot yanu n'kulowa ndi akaunti yanu. Sony imatha kuletsa makina enieniwo kulowa pa netiweki yake ngati mwini wakale anachita zachinyengo, ndipo makina oletsedwa amawoneka bwinobwino mpaka mutayesa kulowa. Mukakhutira, wogulitsa achotse akaunti yake inu mukuwona, kenako Initialize PS4, makina ayambe ngati atsopano.

Mapadi, aja ogwira m'manja posewera, ndi nkhani ina. Mapadi abodza a DualShock 4 adzaza tauni yonse, m'mabokosi okongola kuposa enieni. Labodza limapepuka m'manja, zilembo za pa kapepala ka kumbuyo zimakhala zosalongosoka, batire limatha mpira usanafike theka lachiwiri la gemu yachitatu. Lenileni nalonso lili ndi matenda ake, aja oti wosewera akuyenda yekha inu musanakhudze kanthu. Pansi pa kandodo kalikonse pali tizitsulo tokhulana toyeza kumene chala chapita, ndipo tikaperepeseka kapena kulowa fumbi la mu October timayamba kunama. Ikani padi patebulo gemu ili mkati, manja kumbuyo, muwone ngati wosewera aima. Si ife tokha ovutika nazo. Ma Joy-Con, mapadi a Nintendo Switch, anavuta choncho mpaka anthu ku America anakasuma, ndipo mu 2020 mkulu wa kampaniyo, Shuntaro Furukawa, anapepesa poyera.

Mudzamvanso zoti makina ndi "ojailbreka", magemu mazana pa hard drive. Ndinene mosabisa: amenewo ndi magemu okopera popanda chilolezo, ndipo kupatula za malamulo, mukugula makina omangidwa miyendo. Amagwira pokhapokha pulogalamu ya makinawo ikhale yakale, monga 9.00 ija ya mu 2021. Simungasewere pa intaneti ndi anzanu, ndipo mwana akangodina Update tsiku limodzi, zonse zatha, kubwerera m'mbuyo kulibe. Nambala ya pulogalamuyo imawoneka pa Settings, System, System Information.

Wina anganene kuti vuto ndi akathyali a mu Lusaka. Ena ndi akathyali ndithu, koma msampha anautchera ndi eni makampani, anyamata athuwa amangodyerapo. Mu 2013 Microsoft italengeza Xbox One inanena kuti makinawo azilumikizana ndi intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse, ndiponso kuti kubwereketsa ndi kugulitsa madisiki kukhala ndi malire. Anthu anakwiya kwambiri, Sony inawaseka ndi kavidiyo kosonyeza munthu akungopatsira mnzake disiki m'manja, ndipo mwezi wa June chaka chomwecho usanathe Microsoft inabweza mawu. Tangoganizani makina otero kuno mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akubwera maola ochepa pakati pa usiku, netiweki nayo ikuthawa. Sony nayo si mngelo. Mu 2010 inachotsa pa PS3 mwayi woikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, chinthu chomwe anthu anali atachilipira kale pogula makinawo. Mu April 2011 akuba a pa intaneti analowa mu PlayStation Network n'kufikira maakaunti pafupifupi 77 miliyoni, ndipo netiwekiyo inatsekedwa masabata oposa atatu. Ubisoft inazimitsa maseva a gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew kumapeto kwa March 2024, ndipo ngakhale amene anali ndi disiki anatsala ndi kambale kopanda ntchito, chifukwa gemuyo sinkayenda popanda intaneti. Apa ndiye pomwe ngakhale langizo langa la madisiki lili ndi malire: werengani kumbuyo kwa bokosi, pakalembedwa kuti intaneti ndi yofunika kuti musewere, dziwani kuti moyo wa gemuyo uli m'manja mwa eni ake.

Pa PS5 onetsetsani kuti mukugula yokhala ndi polowetsa disiki. Pa zoyamba zija za mu 2020, nambala yothera ndi A ili ndi polowetsa, yothera ndi B ilibe. Yopanda disiki imatchipa lero, koma gemu iliyonse mudzagula ku sitolo imodzi yokha pa mtengo umene iwo anena, kuwonjezapo bandulo yotsitsira magigabayiti 50 kapena kuposa.

Zimenezi ndinayamba kuzimvetsa kudzera m'nyimbo, magemu asanabwere. Ntchito yanga yoyamba nditachoka ku Katete inali yoika nyimbo pa mamemori khadi m'kantemba ka munthu wina, ndipo sindinyadira, chifukwa oyimba eni ake sankalandirapo ngwee. Koma njira imene makampani akuluakulu anasankha polimbana ndi anthu ngati ine inapweteka ogula okhulupirika. Mu 2005 zinadziwika kuti kampani ya nyimbo ya Sony BMG inkaika mobisa pulogalamu pa ma CD ake, yomwe inkalowa mu kompyuta ya Windows ya wogula n'kubisala, ndipo inatsegula khomo loti mavairasi alowerepo. Anaitulukira ndi katswiri wina dzina lake Mark Russinovich, ndipo kampaniyo inakakamizika kuitanitsa ma CD aja. Mu 2008 Microsoft inauza anthu amene anagula nyimbo ku MSN Music kuti izimitsa maseva otsimikizira ziphaso, kutanthauza kuti nyimbo zogula ndi ndalama sizikanasamukanso kupita pa kompyuta yatsopano. Anthu atadandaula inawonjezera nthawi mpaka 2011. Apple inalengeza zochotsa maloko pa nyimbo za iTunes mu January 2009. Amene ankakopera mwakuba sanavutikepo ndi chilichonse mwa zimenezi, ovutika anali olipira.

Lero tili ndi Boomplay, ndipo Spotify inafika ku Zambia mu 2021. Ndimalipira ndipo ndimakonda, koma ndimadziwa kuti ndi lendi. Nyimbo zimene mwatsitsa pa Spotify zimafuna kuti foni ilumikizane ndi intaneti kamodzi pa masiku 30, mukasiya kulipira zimatsekeka, ndipo mwini nyimbo akachotsa chimbale chake chimangozimiririka pa mndandanda wanu. Nyimbo imene simufuna kuitaya, ya ukwati wanu kapena ya kwaya ya kwanu, iguleni kwa mwini wake ngati fayilo ya MP3 kapena CD, muisunge malo awiri. Ndi loko yemweyo wa pa PS4 ya mphwanga uja, wangosintha malaya.

Tsopano za ndemanga za nyenyezi zisanu zimene zinamukopa mphwangayo. Tsamba la wogulitsa uja linali ndi ndemanga zoposa makumi anayi, zonse zoyamikira. Titakhala pansi n'kuziwerenga bwino tinapeza kuti theka zinalembedwa m'masiku awiri otsatizana, mawu ake ofanana, "legit seller, fast delivery", popanda ndi mmodzi yemwe wotchula chimene anagula. Titadina mayina a olembawo, ambiri analibe chithunzi china kupatula chimodzi, anzawo owerengeka. Pa tsamba lililonse la Facebook pali gawo lotchedwa Page transparency, lomwe limasonyeza tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndi mayina amene linakhalapo nawo. Lakelo miyezi inayi m'mbuyomo linali logulitsa mawigi. Zithunzi za mauthenga a WhatsApp zoti "ndalandira bwana, zikomo" musaziwerengere n'komwe, munthu wa mafoni awiri amadzilembera yekha ali pa minibasi.

Yambani ndi ndemanga zoipa ndi zapakati. Munthu wopereka nyenyezi zitatu n'kulemba kuti makina ali bwino koma padi inali yabodza ndipo anandisinthira patapita sabata, ameneyo anagulako ndithu, ndipo wakuuzani zambiri kuposa anthu makumi anayi ofuula. Wonaninso mmene wogulitsa amayankhira wodandaula. Wotukwana kapena wofufuta ndemanga adzakuchitani chimodzimodzi. Tsamba limene latseka ndemanga zonse ndimalidutsa.

Bodza limeneli silinayambire ku Lusaka. Mu 2013 boma la Taiwan linalipiritsa Samsung chindapusa cha madola a ku Taiwan 10 miliyoni chifukwa cholemba anthu ganyu yoyamikira mafoni ake ndi kunyoza a kampani ina pa intaneti. Mu 2015 Amazon inasumira anthu 1,114 amene ankagulitsa ndemanga zabodza pa webusaiti ya maganyu ya Fiverr, zina pa madola asanu okha. Ngakhale olemba manyuzi a magemu ali ndi mabala awo. Mu 2007 Jeff Gerstmann anachotsedwa ntchito ku GameSpot atangopereka mamalikisi ochepa kwa gemu yotchedwa Kane & Lynch, pomwe otsatsa gemuyo anali atadzaza webusaitiyo ndi malonda awo, ndipo mu 2012 iye anatsimikiza kuti kukakamiza kwa otsatsa malonda kunalowererapo. Chitsanzo chotikhudza ife a PS4 ndi Cyberpunk 2077 mu December 2020. Owunika anapatsidwa ya pa kompyuta yokha, anaiyamikira, koma pa PS4 inkagwa ndi kudukiza moti Sony inaichotsa m'sitolo yake kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi n'kubweza ndalama za anthu. Choncho mukamawonera ndemanga ya gemu pa YouTube, funsani kuti akusewera pa makina ati. Gemu ya mpira ya FC yatsopano imene mukuiwona ikuwala pa PS5 si yofanana ndi imene mudzaipeze pa PS4 yanu.

Polipira, ndalama izituluka makina ali m'manja mwanu, mutayesa zonse. Za "tumizani theka pa Airtel Money kapena MoMo kuti ndikusungireni, anthu ambiri akuifuna" ayi. Ngati mukulipira pa foni, wonani dzina limene latuluka musanaike PIN, ligwirizane ndi munthu amene waima patsogolo panu. M'shopu pemphani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo, ija yaitali ya pa kapepala ka kumbuyo, ndi masiku amene akulolani kubweza. Chikwangwani cha "No refund" chisakuwopseni. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa ogulitsa kupachika mawu otero, ndipo madandaulo amapita ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula. Koma CCPC imafuna shopu yodziwika ndi lisiti. Munthu wa pa siteshoni amene wazimitsa foni sangamupeze.

Mukafika nawo kunyumba, musawaike pansi pa simenti kapena m'kabati yotseka, ndipo gulani kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa makina ambiri amene amafika patebulo langa amafa pa mphindi imene malaiti abwerera. Malaiti akapita, zulani pulagi. Musazolowere kuwasiya pa Rest Mode kuno kwathu, magetsi akaduka ali choncho mafayilo amawonongeka. Ngati wachibale wakutumizirani Xbox 360 yakale kuchokera ku America, werengani pa chibokosi chake cha magetsi musanalowetse kukhoma, chifukwa cha kumeneko ndi cha mavoti 110 pomwe athu ndi 230.

Za mphwanga uja, tinafufuta zonse pa makina ake n'kumutsegulira akaunti yakeyake ya South Africa, pasiwedi n'kuilemba kuseri kwa kalendala ya amayi ake. Anatsitsa eFootball, yomwe ndi yaulere kuyambira 2021, ndipo ndinamubwereka disiki yanga ya FIFA 23, yomaliza kukhala ndi dzina limenelo EA isanasinthe n'kuyamba kuitcha FC. Tinagwirizana kuti abweza pakatha milungu iwiri. Uno ndi mwezi wachitatu, ndipo ndikamuimbira amati, "Amalume, ndibwera nayo Loweruka."